Voti Yotsinzina ya ku Woolwich

Croydon
Lamulungu masana

Tamanda mwanangu,

Watuluka kukatsanzikana ndi anzako, nyumba ili zii, ndiye ndati ndikhale pansi ndikulembere. Ndikudziwa kuti ukangoona Chichewa chodzaza pepala uyamba kukwinya nkhope n'kunena kuti, "Mum, why so long?" Werenga basi, pang'onopang'ono, ngakhale motulutsa mawu. Chichewa umachimva bwinobwino iwe, umangochita ulesi kuyankha. Zimene ndikufuna kukuuzazi ndayesa kuziika m'Chingerezi m'mutu mwangamu, koma zikumatuluka zofewa ndi zaulemu ngati kalata ya ku khonsolo, pamene mtima wanga sunafewe ayi.

Malangizo ako ndinali nditakonza kale. Usamagone ndi njala chifukwa chosala kudya kopikisana ndi anzako. Uzivala zofunda, m'nyumba ya ophunzira ija mumazizira. Anyamata a pa koleji ya Baibulo ndi anyamata ndithu, ngakhale anyamule Baibulo lalikulu bwanji. Amenewo akadalipo, uwasunge. Koma dzulo kwachitika chinthu chimene chandiimitsa mutu, ndipo chikukhudza malo ako ku koleji imene ukupita mawayi. Sindingakuperekeze ku Woolwich ndikumwetulira ngati sindikudziwa kanthu.

Uyambe wadziwa mmene koleji yakoyo imayendera, chifukwa iwe umangodziwa kuti amayi ako ali m'bodi, n'kumanyadira kwa anzako. Kolejiyo ndi ya mpingo wathu, ndipo imaphunzitsa amene akufuna kukhala abusa, alaliki ndi aphunzitsi a Mawu. Pamwamba pa zonse pali bodi, kagulu ka anthu kamene kamagamula nkhani zikuluzikulu: ndani aphunzitse, ndani alandiridwe, ndani achotsedwe, ndani adzozedwe akamaliza maphunziro. Wapampando wa bodi ndi Abusa Kamwendo. Mkulu wa koleji, amene bodiyo iyenera kumuyang'anira ntchito, ndi Abusa Kamwendo. M'busa wa mpingo umene uli mwini koleji ndi Abusa Kamwendo omwewo. Mlembi ndi mayi abusa, wachiwiri kwa wapampando ndi alamu awo. Otsalafe ndife anthu wamba a mumpingo, manesi ndi osamalira okalamba, obwera ku miting'i titatopa. Ndikulemba chonchi ndikuchita kudabwa ndekha kuti zaka zonsezi sindinaonepo chachilendo.

M'bodimo ndinalowa osafunsa kuti ndikukachita chiyani. Atate ako anali atangotisiya kumene, ndipo Abusa Kamwendo ndi amene anathamangathamanga mpaka thupi lawo linakwera ndege kupita kumudzi. Zimenezo sindidzaiwala, ndipo nawenso usadzaiwale, zivute zitani. Ndiye atandiitana n'kunena kuti, "Mayi a Tamanda, Mzimu wandionetsa inu," ndinangogwada pansi misozi ili chuchuchu. Sindinafunse kuti membala wa bodi ntchito yake n'chiyani, amayankha kwa ndani, akakana chinthu chimachitika n'chiyani. Ndinangosoketsa diresi latsopano basi. Paja amati safunsa anadya phula, ndipo ine ndalidya zaka zambiri ndikumati ndi uchi. Iwe mwanangu, akadzakupatsa udindo uliwonse kumeneko, ngakhale wosunga makiyi a laibulale, uyambe wafunsa kuti akufuna uzichita chiyani, ndipo akuyang'anira ndani.

Tsopano umve mmene timavotera, chifukwa apa ndi pamene pagona nkhani. Tikakambirana chinthu, abusa amati, "Tiyeni tiweramitse mitu, maso onse atsinzine. Amene akugwirizana nazo akweze dzanja pamaso pa Mulungu." Ndi mmene amachitira m'tchalitchi poitana ofuna kulapa, kuti munthu asachite manyazi. Anatiuza kuti voti yotere ndiyo yoyera, chifukwa palibe woona mnzake, palibe chidani, palibe woopa maso a anthu. Ine ndinkaikonda kwambiri, mpaka ndinakaitamanda kwa anzanga kuntchito kuti ife sitikangana ngati andale. Woona manjawo ndi mmodzi yekha, abusa. Akatha amati, "Tsitsani. Tiyamike Mulungu, tonse tagwirizana." Ife timati ameni, mayi abusa n'kulemba m'buku. Chilowereni m'bodi sindinamvepo mawu ena koma amenewo.

Bambo Lungu ukuwadziwa, a ku Zambia aja amene amakhala ku Ilford, amene anakuphunzitsa kalasi ya ubatizo n'kumakuseka kuti umawerenga Baibulo ngati wina akukuthamangitsa. Ku koleji amaphunzitsa Chipangano Chakale. Mwezi wathawu anapempha kuti ophunzira akhale ndi munthu wina wokadandaulako amene si abusa, ndiponso kuti wapampando wa bodi asakhale yemweyo mkulu wa koleji. Sananyoze munthu. Ndinalipo ine pamene ankanena, manja ali kumbuyo, kuti, "Abusa, sinikukanani ine. Nifuna chabe ana aba ankhale na kwamene angayende zikavuta." Dzulo m'mawa nkhani inabwera m'bodi yakuti Bambo Lungu ali ndi mzimu wogawanitsa, ndipo achotsedwe ntchito.

Ku miting'iko ndinapita ndikuchokera ku shifti ya usiku, osagona ngakhale pang'ono, maso ali psuu. Abusa analankhula nthawi yaitali, mavesi ali mbwee, ndipo palibe anayankha. M'mtima mwanga ndinkadziwa kuti bamboyo sanalakwe, choncho kwa nthawi yoyamba ndinatsimikiza kuti dzanja langa silikwera. Ndinkaganiza kuti ndikhala ndekha wokana pakati pa anthu a Mulungu, ndipo abusa andiona. Atati titsinzine ndinatsinzina, manja onse awiri nditawapanikiza pakati pa mawondo. M'chipindamo munali motentha, hita ili pafupi ndi mpando wanga, abusa akupemphera motsitsa mawu. Tulo tinandiba. Mutu unagwera kutsogolo, ndinadzidzimuka, maso n'kutseguka okha.

Mwanangu, manja amene anali m'mwamba anali a mayi abusa ndi a alamu awo basi. Ena onse mitu ili pansi, maso otsinzina, manja pamiyendo. Mayi Chirwa, aja amatsogolera kwaya ya amayi, anachita kukhalira manja awo. Bambo Gondwe, mkulu wa mpingo wokalamba uja, anagwira ndodo yawo ndi manja onse awiri. Ndinayang'ana uku ndi uku, ndikuganiza kuti mwina ndikadali m'tulo. Kenako ndinayang'ana kutsogolo, n'kuphana maso ndi abusa. Anandiyang'ana, ine n'kuwayang'ana. Nkhope yawo sinasinthe ngakhale pang'ono. Akundiyang'anabe choncho anati, "Tsitsani. Tiyamike Mulungu, tonse tagwirizana." Chipinda chonse chinati ameni.

Ndaona zambiri ine pa ntchito yanga, ndagwirapo manja a anthu akumwalira osaopa, koma dzulo ndinachita mantha. Chimene chinandiopsa kwambiri si bodza lokhalo, koma kuzolowera kwake. Mawuwo anatuluka bwinobwino, osagwira pakhosi, chimodzimodzi mmene amatulukira nthawi zonse. Pomwepo ndinayamba kukumbukira mavoti akale. Mphunzitsi wamkazi amene tinamuchotsa chaka china. Mnyamata amene tinagwirizana kuti asadzozedwe, n'kusiya mpingo mpaka lero. Tinagwirizanadi kodi, kapena tinangouzidwa kuti tagwirizana? Ndinachita mantha ndiponso manyazi, ndipo mpaka pano sindikudziwa chimene chikuposa chinzake.

Potuluka abusa anandigwira chanza ndi manja awiri pakhomo. Anati, "Mayi a Tamanda, mwatopa, mukapume. Mwana wathu tikumuyembekezera Lolemba. Bedi lake takonza kale, tidzamusamalira ngati wathuwathu." Mawu abwino okhaokha, ungawaike pakhoma. Sindikudziwa ngati anali madalitso kapena chenjezo, koma ine ndinamva chenjezo.

Pamalo odikira basi ndinapeza Mayi Chirwa. Ndinati bola, uyu ndi mnzanga, tinabwera kuno m'chaka chimodzimodzi, andimvetsa.

"Mayi Chirwa, inu munakweza dzanja?"

Anayang'ana uku ndi uku. "Aaa, sisita, zimenezo n'za pakati pa ine ndi Mulungu wanga."

"Simunakweze. Ndinakuonani. Palibe anakweza kupatula a m'banjamo."

Ndinkayembekeza kuti agwira pakamwa. Anagwiradi pakamwa, koma pa chifukwa china.

"Munationa? Ndiye kuti inu munatsegula maso? Pa pemphero? Mayi wamkulu ngati inu, kusuzumira anthu akupemphera?"

"Tulo tinandiba, ndinali pa naiti."

"Ayi, sorry, ine za osuzumira sindilowa nawo. Basi yanga iyo."

Sinali basi yawo n'komwe. Inali yopita ku Thamesmead, pamene iwo amakhala ku Catford. Ndinatsala ndaima ndekha. Ndi pamene ndinazindikira msampha wake wa voti imeneyi. Mboni ndine ndekha, ndipo kuti ndinene zimene ndinaona ndiyenera kuvomera kuti ndinatsegula maso. Kwa anthu athu, kusuzumira pa pemphero ndi tchimo lalikulu kuposa kuwerenga manja amene kulibe. Umve bwino mwanangu, chifukwa zotere udzakumana nazo: munthu akakuuza chinthu choopsa, uyambe wafunsa ngati chili choona, za mmene anachidziwira zibwere pambuyo.

Nditangofika kumene kuno, iwe usanabadwe, tsiku lina ndinali pa siteshoni ya East Croydon ndikupita kuntchito m'tauni. Zolembedwa pamwamba zija, zosonyeza kumene sitima ikupita, ndinali ndisanazizolowere, ndipo kufunsa ndinkachita manyazi kuti aziti mlendo. Ndinaona anthu akuthamangira sitima ina, ine n'kukwinda chitenje m'mtima, kuthamanga nawo. Ndinakhala pampando ndikudzitama kuti ndayamba kuidziwa London. Ndinakatsikira ku Gatwick, kubwalo la ndege, pakati pa anthu okoka masutikesi, ine ndi kachikwama ka chakudya chamasana. Atate ako anaseka mpaka kutsokomola. Koma tsiku limenelo bola, anthu othamangawo ndinawaona ndi maso anga. M'bodimu ndakhala ndikuthamangira gulu limene sindinalione, mwinanso kulibe n'komwe. Kangapo konse ndinakweza dzanja mtima ukukana, pongoganiza kuti aliyense wakweza. Iwe usamakweze dzanja chifukwa cha anthu a m'mutu mwako. Ngati ukukana kana, ndipo ufunse mnzako wapambali kuti iye akuti bwanji.

Lero mapemphero atatha ndinakoka Bambo Gondwe kukhitchini ya tchalitchi, kumene amayi amaphikira tiyi. Ndinali nditakonzeka kutukwanidwanso. Iwo anamvetsera mpaka ndinamaliza, kenako anakhala pampando. Anati, "Mayi, ine dzanja langa lakhala pansi kambirimbiri. Ndinkangoti ndine ndekha wouma mtima, mpaka ndinkapita kunyumba kukalapa." Anavula magalasi n'kupukuta m'maso. Bambo wamkulu ngati uja, amene anakankha odwala m'zipatala za kuno mpaka msana kupindika, kulapa chifukwa cha voti imene mwina anapambana. Ndinamva chisoni chachikulu.

Ndiye anati, "Ndikuuzeni china, musakwiye." Apa uwerenge utakhala pansi, Tamanda.

Ukukumbukira kuti chaka chino malo a mtsikana m'nyumba ya ophunzira anatsala amodzi, ndipo ofuna munalipo awiri, iwe ndi Esinati wa ku Ilford, uja wakhala akutsogolera achinyamata a kumeneko kwa zaka zingapo, amene anapemphanso chaka chatha osamutenga. Tsiku la voti yanu ine ndinatuluka m'chipindamo chifukwa ndine kholo, ndinaima pakhonde ndikupemphera. Atandiitana anati tonse tagwirizana pa Tamanda, ndipo ndinakuimbira foni ndili pa masitepe, tonse n'kumalira. Lero Bambo Gondwe andiuza kuti, "Ine pa dzina la Tamanda sindinakweze. Osati kuti ndi mwana woipa ayi, ndimamukonda, koma ngwamng'ono, akanatha kudikira chaka. Ndinakweza pa la Esinati. Za ena sindikudziwa, ndinatsinzina."

Ndisakunamize, choyamba ndinawakwiyira. Ndinafuna kuwafunsa kuti iwo ndani woyeza msinkhu wa mwana wanga. Ine yemweyo amene ndinabwera kudzadandaula za chilungamo, chitangofika pakhomo panga ndinafuna kutseka chitseko. Mkwiyo utatsika ndi pamene ndinayamba kulingalira bwino. Sindikunena kuti malowo si ako. Mwina ena onse anakweza manja pa dzina lako, ndipo ndikanakhalamo ine ndikanakweza onse awiri. Vuto ndi lakuti palibe amene akudziwa, kupatula abusa. Ndipo kuyambira masana ano ndikungodzifunsa ngati anakusankha chifukwa cha maitanidwe ako, kapena pofuna kuti mayi ako akhale wothokoza mpaka kalekale. Khoswe akakhala pamkhate sapheka, ndipo mkhate wake ndiwe. Ndikudziwa kuti ntchito ya ku famase, kogulitsa mankhwala kuja, unaisiya, malo a ku yunivesite unawabweza, zonse chifukwa cha koleji imeneyi.

Chimene chikundipweteka china n'chakuti nzeru imeneyi ndinali nayo kale, kungoti ndinkaisiya kuntchito. Kwathu kosamalira okalamba kuja, mankhwala amphamvu satulutsa munthu mmodzi. Mmodzi amatsegula kabati, wina amaima pomwepo kuonerera. Ndili watsopano ndinakwiya nazo. Mnzanga wina wa ku Philippines atabwera kudzaima pambali panga ndinamufunsa kuti kodi akundiyesa wakuba. Iye anaseka n'kunena kuti mawa ndidzaime ine pambali pake. Ndinakhala masiku ndikumuyankha mokalipa, kufikira tsiku limene ndinatenga botolo lolakwika nditatopa, iye n'kundigwira dzanja lisanafike kwa wodwala. Kuyambira pamenepo ndimachita kumuitana ndekha. Kuonereredwa si kunyozedwa, mwanangu, ndi chitetezo cha wodwala ndiponso cha iwe mwini. Koma Loweruka likafika ndinkavula yunifolomu, kuvala diresi la bodi, n'kusiya munthu mmodzi atsegule kabati yekha, ife titatsinzina. Ukadzakhala mtsogoleri, ngati Mulungu alola, udzachite kupempha anthu kuti azikuonerera, ndipo asakhale a m'nyumba mwako okhaokha.

Usaganize kuti ndikuti Abusa Kamwendo ndi chilombo. Ndi munthu amene wakwatitsa ana athu, waika maliro athu, waperekeza anthu ku maofesi a imigireshoni kuno ku Croydon mvula ikugwa. Kolejiyo anaiyamba m'chipinda chochezera cha kunyumba kwawo, ndipo ndikukhulupirira kuti m'mtima mwawo amati akuiteteza. Mwina tsiku loyamba anangoti tonse tagwirizana pofuna kupewa mkangano, palibe anadziwa, n'kuzolowera. Tinawaononga ndife, amene tinawapatsa mipando yonse n'kuwasiya okha. Mutu umodzi susenza denga, ife tinawasenzetsa kenako n'kumaombera m'manja. Ndiye ukawalemekeze. Ukawapatse moni ngati mmene ndinakuphunzitsira, osati moni wako wokweza nsidze uja. Koma ulemu ndi kutsinzina ndi zinthu ziwiri zosiyana, ndipo ine ndinazisakaniza.

Madzulo adzulo ndinawaimbira foni Bambo Lungu, ndikuyembekeza kupeza munthu wosweka. Anali m'basi. Anati, "Amake Tamanda, nili che bwino, osadandaula. Mwana ayende, akaphunzire. Koma mumuuze asaleke kufunsa mafunso, ndiye chamene ninamukondela." Ndinalephera kuwauza kuti voti yawo sinadutse, chifukwa ndinaona kuti nkhani yotere siyenera kuyambira pa foni. Ndinangoti Mulungu alipo, iwo n'kuti alipo zoona. Nditadula foni ndinalira.

Tsopano umve za kumene ukupitako. Nkhaniyi usakaiyambe ndi ophunzira anzako, si yako yoti uinyamule, ndipo m'nyumba yogona anthu ambiri mawu amayenda kuposa sitima. Ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzaupeza. Wina akakunong'oneza kuti mayi ako amasuzumira pa pemphero, usamenyane naye, ungoti akandifunse ine, nambala yanga ali nayo. Akakuitana ku ofesi kuti ukakambe za ine, upemphe kuti pakhale munthu wina wamkulu, makamaka wamkazi, ndipo ukatuluka undiimbire, ngakhale ndili pa shifti. Usalonjeze munthu aliyense kuti udzamumvera pa chilichonse. Lonjezo limenelo ndi la Mulungu yekha. Akakuuza kuti kufunsa ndi kupanduka, ukumbukire kuti Baibulo limene ukukaphunziralo ladzaza ndi anthu ofunsa. Ukakumana ndi Esinati pa msonkhano wa achinyamata, usamuzembe, umupatse moni, iye sanakulakwire. Ndibwerezenso: undiimbire. Usamati amayi atopa, amayi ali kuntchito. Undiimbire.

Chimene ndikuopa kwambiri n'chakuti zimenezi zingakuphere chikhulupiriro. Ndaona ana ambiri a kuno akaona cholakwa chimodzi m'tchalitchi amataya zonse, Mulungu ndi nyimbo zomwe. Iwe sunaitanidwe ndi bodi. Ndinakuona ine uli wamng'ono ukulalikira zidole zako pa masitepe, n'kumazikalipira kuti sizikuyankha ameni. Ndinakuona ukupempherera atate ako m'chipatala pamene akuluakulu tinasowa mawu. Zimenezo sizinadutse pa voti ya munthu, ndipo palibe voti imene ingazichotse. Koleji ndi malo ophunzirira chabe, ndipo amayendetsa ndi anthu otopa, amantha ndi olakwitsa ngati mayi akowa.

Tsopano ndikuuze zimene ndachita. Malamulo a koleji ndawawerenga dzulo m'tramu, kasitima ka mumsewu kaja, koyamba chilowereni m'bodi, manyazi ali tho. Amalola mamembala kupempha miting'i yapadera, ndiye ine ndi Bambo Gondwe tapempha, ndipo ikhala Lachitatu madzulo. Ndikaimirira n'kunena pamaso pa onse kuti ndinatsegula maso, anene zimene anganene. Ndikapempha kuti kuyambira tsopano tizivota tikuonana, kuti wapampando akhale wina osati mkulu wa koleji, ndiponso kuti voti ya Bambo Lungu ibwerezedwe. Mwina andichotsa m'bodi. Mwina Mayi Chirwa sadzandilankhulanso. Zimenezo ndikhoza kusenza.

Bambo Gondwe anati za iwe tikhoza kuzisiya, palibe angadziwe, iwonso sadzanena. Ndakhala ndi mawu amenewo masana onse, ndikuwatembenuza uku ndi uku, ndipo ndinatsala pang'ono kuvomera. Ndine mayi ine. Koma sindingakapemphe chilungamo cha Bambo Lungu nditabisa cha Esinati m'chikwama. Naye ali ndi mayi ake amene analira tsiku limene ife tinkasangalala. Ndiponso sindikufuna kuti udzaime pa guwa tsiku lina pali munthu mmodzi m'tchalitchimo amene angakuyang'ane n'kumati ameneyu ndinamuika ndine. Choncho ndikapempha ndekha, ndi pakamwa pangapa, kuti dzina lako ndi la Esinati avoterenso, maso ali otsegula. Ine ndidzatulukanso kukaima pakhonde paja, ndipo chimene adzagamule ndidzachilandira.

Ukhoza kutaya malo ako chifukwa cha ine. Sindikukupempha chilolezo, chifukwa katundu ameneyu ndi wanga, sindingakusenzetse. Ndikungofuna umve kwa ine, osati kwa anthu a pakhonde. Ukhoza kundikwiyira, ukhoza kukhala osandilankhula ulendo wonse wa mawa, ndimva. Akakusankhanso, malowo adzakhala akoako, palibe adzakulozere chala. Akasankha Esinati, chipinda chako chili pompano, tidzalira limodzi, kenako tidzafuna koleji ina kapena kudikira chaka.

Mawa ndikuperekeza ndekha, shifti ndasinthana ndi mnzanga. Tikafika ukapereke moni kwa abusa ndi mayi abusa mwaulemu, ukayale bedi lako, ukalowe m'kalasi ndi mtima wonse ngati munthu amene akhalitsa. Koma zovala zako usazitulutse zonse m'sutikesi mpaka Lachitatu litadutsa.

Ndine amene ndinakubereka, ndipo ndikukukonda ngakhale lero ndakupweteka,

Mayi ako